Funsani Dokotala: Kodi tattoo ndi mphini zingapatsire matenda a m'magazi?

Funso: Adokotala, ndine mnyamata wa zaka 29 ndipo ndimakhala ku Ndirande. Mwezi watha mnzathu wina amene ali ndi makina ojambulira pathupi anatijambula tattoo anthu atatu tsiku limodzi kunyumba kwake. Ndinaona ndi maso anga kuti singano ankasintha, koma inki tonse tinagwiritsa ntchito ya m'kabotolo kamodzi, ndipo ine ndinali womaliza. Bala linapola bwinobwino. Mlongo wanga akundikakamiza kuti ndikayezetse HIV. Kodi pali chifukwa chodera nkhawa?

Yankho: Achimwene, mlongo wanu wakulangizani bwino ndipo mumumvere, ngakhale kuti kachilombo kamene iye akukaopa si kamene kandidetsa nkhawa kwambiri nditawerenga kalata yanu. Mawu amene andiimitsa ndi akuti inki inali ya m'kabotolo kamodzi.

Makina ojambulira tattoo amaboola khungu mofulumira kambirimbiri, n'kumasiya inki pansi pa khungu lapamwamba, mozama ngati milimita imodzi kapena iwiri, pamene pali timitsempha ting'onoting'ono ta magazi. N'chifukwa chake wojambulayo amangokhalira kupukuta timadontho ta magazi ndi timadzi totuwa pamene akugwira ntchito. Singano ikachoka pakhungu la munthu kukaviikidwa mu inki imapita ndi magazi ake, ndipo magaziwo amatsala m'botolomo ngakhale maso sangawaone chifukwa cha kuda kwa inkiyo. Singano yanu inali yatsopano ndithu, koma itangoviikidwa koyamba inasiya kukhala yoyera, chifukwa inakumana ndi zimene anzanu awiri aja anasiyamo.

Matenda amene timawaganizira pa nkhani ngati iyi ndi atatu: HIV, ndi matenda awiri a chiwindi otchedwa hepatitis B ndi hepatitis C. Chimene chimatithandiza kuyerekeza kuopsa kwawo ndi zimene zimachitikira ogwira ntchito m'chipatala akadzibaya mwangozi ndi singano imene yangochoka mwa wodwala. Ngati wodwalayo ali ndi HIV, amene amatenga kachilomboko ndi pafupifupi atatu mwa anthu 1,000. Ngati ali ndi hepatitis C, ndi pafupifupi awiri mwa anthu 100. Koma ngati ali ndi hepatitis B, ndipo wobayidwayo sanalandire katemera, amene amatenga ndi pakati pa 6 ndi 30 mwa anthu 100. Singano ya tattoo ilibe bowo m'kati ngati ya jakisoni, choncho imanyamula magazi ochepa, koma dziwani kuti jakisoni amabaya kamodzi pamene makina aja anakubayani kosawerengeka. Kachilombo ka HIV ndi kofooka kakatuluka m'thupi, pamene ka hepatitis B kamatha kukhala ndi mphamvu m'magazi ouma pa chitsulo kapena pa tebulo kwa masiku 7 kapena kuposerapo.

Hepatitis B si matenda achilendo kuno ku Blantyre. Kafukufuku amene anachitika kwanu komweko ku Ndirande anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 5 mwa 100 aliwonse ali ndi kachilomboka, pamene mwa ana amene anabadwa katemera atayamba, chiwerengerocho sichinafike ngakhale mmodzi mwa 100. Dziko la Malawi linayamba kupereka katemerayu kwa makanda m'chaka cha 2002, ndipo amaperekedwa ku sikelo mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Inu munabadwa chakacho chisanafike, ndiye ngati simunakabayitse nokha muli wamkulu, mulibe chitetezo chimenechi, ndipo n'kutheka kuti anzanu aja alinso chimodzimodzi.

Kupola kwa bala kusakunamizeni. Kukungosonyeza kuti tizilombo toyambitsa mafinya sitinalowe, koma sikunena kanthu za zimene zili m'magazi. Hepatitis B imatenga masiku 30 mpaka 180 kuti ionetse zizindikiro, ndipo anthu ambiri saona chizindikiro chilichonse. Amene amadwala amamva kutopa, nseru ndi kusafuna chakudya, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo maso amachita chikasu. Chotonthoza mtima n'chakuti munthu akatenga kachilomboka ali wamkulu, nthawi zambiri thupi limakagonjetsa lokha, ndipo amene amatsala nako moyo wawo wonse sakwana 5 mwa 100. Hepatitis C ndiyo ya liuma, chifukwa mwa anthu 10 amene aitenga, pafupifupi 7 amakhala nayo mpaka kalekale. Matenda onse awiriwa akakhazikika amatha kudya chiwindi mwakachetechete kwa zaka 20 kapena 30, mpaka mwa anthu ena chiwindicho chimauma, mimba imadzaza madzi, ena amasanza magazi, ndipo ena amadwala khansa ya chiwindi. Zimandimvetsa chisoni kuti munthu wotere akafika m'chipatala abale amayamba kunena za kachasu kapena za ufiti, pomwe mwina gwero lake linali lumo kapena singano imene aliyense anaiiwala kalekale.

Tsopano chochita ndi ichi. Mankhwala oteteza ku HIV a PEP amagwira ntchito munthu akawayamba pasanathe maola 72, ndiye kwa inu nthawi imeneyo inadutsa, ndipo musataye ndalama kuwafunafuna. Pitani mukayezetse HIV sabata ino, zimene zimachitika mwaulere pa chipatala chilichonse cha boma, ndipo mukabwerezenso pakatha miyezi itatu kuchokera tsiku limene munajambulitsa. Mukapemphenso mwachindunji kuti akuyezeni hepatitis B ndi hepatitis C, chifukwa kuyeza HIV sikuonetsa matenda a chiwindi. Ngati pa chipatala chaching'ono palibe zipangizo, funsani kuti akutumizeni ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amachitcha cha Gulupu, ndipo mukayezetsenso ikakwana miyezi 6. Mukafotokozere dokotala nkhani ya inki ija monga mwandifotokozera ine, osachita manyazi. Pa miyezi imeneyi gwiritsani ntchito kondomu, chifukwa hepatitis B imafalanso pogonana, ndipo musabwerekane lezala kapena mswachi ndi munthu aliyense. Zotsatira zikasonyeza kuti mulibe hepatitis B, funsani za katemera, amene kwa akuluakulu amakhala majakisoni atatu m'miyezi 6.

Pali njira ina imene anyamata ena amaikonda ndipo ndikukuletsani: kupita kukapereka magazi n'cholinga chofuna kudziwa ngati ali bwino. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limayezadi magazi onse kuona ngati muli HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko, koma kachilombo kongolowa kumene kamatha kusaoneka poyeza, ndipo magazi amenewo akhoza kukalowa mwa mayi woyembekezera kapena mwana wodwala malungo. Mukapita kukapereka magazi, nenani zoona za tsiku limene munajambulitsa, ndipo iwo adzakuuzani nthawi yoyenera kudikira.

Zotsatira zikadzatuluka zoipa, pali thandizo. Hepatitis C masiku ano imachizika ndi mapiritsi omwa kwa masabata 12, ndipo hepatitis B, ngakhale siichizika kotheratu, imagonja ku mankhwala a tenofovir, omwenso ali m'gulu la ma ARV, kwa amene dokotala waona kuti akufunika kumwa.

Sindikuletsani kujambulitsanso, chifukwa thupi ndi lanu, ndipo tattoo yojambulidwa mwaukhondo siipatsira matenda amenewa. Koma ulendo wina muonetsetse kuti singano yatsegulidwa m'paketi yake inu mukuona, kuti inki yathiridwa m'kakapu kanukanu ndipo yotsala yatayidwa osabwezeredwa m'botolo, komanso kuti wojambulayo wasamba m'manja n'kuvala magolovesi atsopano. Mufunsenso za kachubu kamene singano imadutsamo, chifukwa ndi pamene magazi amabisala ndipo ambiri amakaiwala: kayenera kukhala kotaya kakagwira ntchito kamodzi, kapena kophikidwa m'makina a nthunzi otchedwa autoclave, amene amatentha kufika madigiri 121. Kupukuta ndi sipiriti kapena kuwaula pa kandulo sikokwanira. Wojambula amene akwiye ndi mafunso amenewa musamupatse mkono wanu.

Funso: Adokotala, ndine mayi wa ana awiri ku Bangwe. Apongozi anga akufuna kuti banja lonse tikatemedwe mphini zotsirika, pamodzi ndi mwana wanga wa miyezi iwiri amene wakhala akutsokomola. Sindikufuna kuwanyoza. Nditani?

Yankho: Mayi, zonse zimene ndanena pamwambapa zikukhudzanso mphini, ndipo mwina koposa, chifukwa lumo limacheka mozama ndipo limatulutsa magazi ambiri kuposa singano ya tattoo. Pa mwambo wotsirika banja, lumo limodzi limatha kuyenda kuchoka pa agogo mpaka pa chidzukulu, ndipo chala chimodzi chimapaka mankhwala m'mabala a anthu onse. Ngati mmodzi mwa akuluakuluwo ali ndi hepatitis B osadziwa, amene ali pangozi yaikulu ndi khandalo. Mosiyana ndi munthu wamkulu, khanda likatenga kachilomboka silitha kukachotsa, moti pafupifupi makanda 9 mwa 10 amakhala nako moyo wawo wonse. Pa miyezi iwiri mwana wanu wangolandira jakisoni woyamba yekha mwa atatu aja a katemera wa ku sikelo, choncho chitetezo chake sichinakhwime. Phulusa, makala ndi mizu yosinja zimene zimapakidwa pa mphini zingathenso kulowetsa kafumbata ndi tizilombo tina toopsa m'magazi a mwana wamng'ono chonchi.

Mwanayo asatemedwe, ndipo pamenepa ndikukupemphani kuti mulimbe mtima. Khanda la miyezi iwiri lotsokomola liyenera kuonedwa ku chipatala lero lomwe, makamaka ngati likupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati popuma, thupi latentha kapena likukana kuyamwa, chifukwa zimenezi ndi zizindikiro za chibayo, ndipo chibayo sichimva mphini.

Pa nkhani ya apongozi, musalimbane nawo nokha. Kambiranani kaye ndi bambo a kunyumba kuti iwo ndiwo akalankhule ndi mayi awo, ndipo ngati n'kotheka muwatenge agogowo popita ku chipatala kuti akamve okha kuchokera kwa namwino, chifukwa mawu omwewo amalandiridwa mosiyana akachokera kwa mpongozi. Akuluakulu akaumirira kuti iwo atemedwe, aliyense agule lezala yake yatsopano, aitsegule yekha, apake yekha mankhwalawo ndi chala chake, ndipo lezalayo akaitaye m'chimbudzi chokumba kumene ana sangaitole.