Nyumba ndi yanu koma puloti ndi ya eni: thandizo la lendi ku Indiana ndi zimene lamulo likunena

Mayi,

Kalata yanu ndaiwerenga mofatsa. Mwanena kuti mumakhala kufupi ndi mzinda wa South Bend m'chigawo cha Indiana ku America, m'nyumba yopangidwa kufakitale imene anthu kuno amangoti mobile home, ndipo kuti nyumbayo munagula nokha pa ngongole imene mukubwezabe, koma puloti imene yakhalapo ndi ya kampani imene mumailipira mwezi ndi mwezi. Lendi ya pulotiyo yakwera kuchoka pa $450 kufika pa $600, maola anu a ntchito kumalo osamalirako okalamba achepetsedwa, mwalephera kulipira miyezi iwiri, ndipo tsopano mwapeza notisi pachitseko. Inu muli ndi green card, chiphaso chokulolani kukhazikika m'dziko muno, ana anu awiri anabadwira konkuno, pamene bambo akunyumba akudikirabe mapepala awo. Mukufunsa ngati boma limathandiza munthu amene nyumba ndi yake koma amalipira malo okha, komanso ngati kampaniyo ingathe kukuchotsani.

Ndiyamba ndi notisiyo, chifukwa ndiyo ili ndi masiku owerengeka. Lamulo la Indiana limati mwini malo amene sanalandire lendi apereke notisi ya masiku osachepera 10, ndipo ngati mwalipira ndalama zonse masikuwo asanathe, mgwirizano wanu supita pachabe. Koma lamulo lomwelo limalola kuti mgwirizano wolembedwa unene zosiyana, choncho tulutsani pepala limene munasaina polowa ndipo muliwerenge usiku uno, makamaka ndime zonena za notisi, za chindapusa cha kuchedwa kulipira, ndi za kakwezedwe ka lendi. Pa kukweza lendi, ngati mgwirizano sukunena kanthu, kampani iyenera kukudziwitsani polemba masiku osachepera 30 kusinthako kusanayambe. Ndiyenera kukuuzani zoona kuti ku Indiana kulibe lamulo loika malire a mtengo wa lendi, ndipo mizinda siloledwa kuika malire otero payokha, kotero kuti kukwera kwa $150 pakokha sikukhala mlandu. Chimene tingafufuze ndi chakuti kodi anakweza pa nthawi yoyenera ndi m'njira yoyenera.

Notisi si chigamulo cha khoti. Kampani ilibe mphamvu yosintha maloko, yodula madzi kapena magetsi, kapena yokutsekerani njira yolowera kwanu pofuna kukutulutsani. Iyenera kukasuma, inu mulandire chisamani, ndipo woweruza amve mbali zonse. Kawirikawiri mlandu wotere umamvedwa kawiri: koyamba woweruza amaona ngati muyenera kuchoka pamalopo ndi tsiku lochokera, ndipo kachiwiri amawerengera ngongole. Chimene chimandipweteka mtima pa ntchito yangayi ndi kuona anthu akwathu, chifukwa cha manyazi kapena chifukwa choopa kujomba kuntchito, osapita kukhoti pa tsiku loyamba lija. Mukapanda kupita, woweruza amagamula inu kulibe, ndipo mpata wopempha nthawi kapena wogwirizana za kalipiridwe kapang'onopang'ono umatayika.

Kwa munthu wochita lendi m'fulati, kuchotsedwa ndi kulongedza katundu n'kukafuna pena. Kwa inu nkhani ndi yolemera kuposa pamenepo. Nyumba zimenezi dzina lokha ndi limene limati zimayenda, koma kusamutsa imodzi kumadya madola masauzande, mapaki ambiri, ndiko kuti malo a mapuloti a nyumba zotere, salandira nyumba zakale, ndipo ku Indiana simungaisunthe popanda chilolezo chochokera kwa msungichuma wa county (boma la dera lanu), amene sachipereka ngati msonkho wa nyumbayo sunalipidwe. Zotsatira zake n'zakuti ngongole ya $1,200 imatha kulanditsa munthu nyumba imene waiikira thukuta la zaka zambiri, ngongole ya kubanki n'kumutsatirabe. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti lendi ya puloti muiike patsogolo pa ngongole zina zonse zopanda chikole, ndipo ngakhale ndalama zotumiza kumudzi ziyambe zadikira kufikira motowu utazima.

Thandizo limene lingafike msanga lili kwa township trustee. Imeneyi ndi ofesi imene anthu ambiri obwera saidziwa, komabe ku Indiana ili m'dera lililonse, ndipo lamulo linaipatsa udindo wothandiza anthu osowa pa zinthu zofunika monga pogona, magetsi, zotenthetsera nyumba ndi chakudya. Mukapereka fomu yodzaza bwino, ofesiyo iyenera kuchitapo kanthu pasanathe maola 72, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi masiku atchuthi. Akakukanani ayenera kukupatsani kalata yonena chifukwa, ndipo muli ndi masiku 15 ochita apilo kwa makomishonala a county. Musalole kubwezedwa ndi mawu apakamwa pawindo. Pemphani fomu, idzazeni, ndipo muumirire yankho lolembedwa, pakuti popanda kalata imeneyo apilo ilibe poyambira. Tengani notisi ija, mgwirizano wa lendi, mapepala a malipiro anu ndi a kubanki, ndi umboni wakuti maola anu anachepetsedwa. Tsiku lomwelo imbani 211, nambala yaulere imene imalozera ku mabungwe monga St. Vincent de Paul, Salvation Army ndi Catholic Charities, amene nthawi zambiri amalipira gawo la ngongole mwachindunji kwa mwini malo. Ndalama za Emergency Rental Assistance za nthawi ya Covid-19, zimene mnzanu anakuuzani, zinkalipiradi lendi ya puloti, koma pulogalamuyo inatha.

Tsopano tifike pa funso lanu lenileni, la thandizo lokhalitsa. Pulogalamu yaikulu ya boma la America ndi Housing Choice Voucher, imene anthu amaitchula kuti Section 8. Ndalama zimachokera ku unduna wa zanyumba wa HUD, koma amene amayendetsa ndi maofesi a housing authority a m'madera. Malamulo ake, pa 24 CFR 982.620, amasiyanitsa anthu awiri. Amene amachita lendi nyumba ndi puloti yomwe, ofesi iyenera kumulola kugwiritsa ntchito vocha yake pamenepo. Koma amene nyumba ndi yake ndipo amalipira puloti yokha, monga inu, ofesi ili ndi ufulu womuthandiza kapena ayi, malinga ndi zimene inalemba m'buku lake la ndondomeko lotchedwa Administrative Plan. Bukuli ndi la anthu onse ndipo muli ndi ufulu woliona. Pali mpata umodzi umene ofesi singakane mwachisawawa: ngati m'banjamo muli munthu wolumala amene akufunikira kukhala m'nyumba yoteroyo chifukwa cha kulumalako, lamulo limaikakamiza kulola.

Kumene thandizoli limaloledwa, linakhala laphindu kwambiri kuchokera pa lamulo la 2016 lotchedwa Housing Opportunity Through Modernization Act. Kale malire a thandizo la puloti anali 40 peresenti yokha ya lendi yovomerezeka ya nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo ngongole yogulira nyumba sinkawerengedwa. Tsopano powerengera lendi amaphatikiza lendi ya puloti, zolipira za kasamalidwe ka paki, ndalama imene mumabweza pa ngongole ya nyumba mwezi uliwonse pamodzi ndi inshuwalansi ndi msonkho zimene zili m'kati mwa malipiro angongolewo, komanso ndalama yoyerekezera ya magetsi, gasi ndi madzi. Banja limalipira pafupifupi 30 peresenti ya ndalama zimene limapeza pamwezi zitachotsedwa zina zololedwa, ndipo vocha imakwaniritsa zotsalazo kufikira malire a ofesiyo. Tiyerekeze kuti banja lanu limapeza $2,000 pamwezi zololedwazo zitachotsedwa: gawo lanu likhala $600. Ngati puloti ndi $600, ngongole ya nyumba $300, ndipo magetsi ndi gasi awerengedwa $200, zonse pamodzi ndi $1,100, ndipo thandizo lingafike $500 ngati malire a ofesiyo sali pansi pa ndalamayi.

Kuti mulowe, ndalama za banja siziyenera kupitirira theka la ndalama zapakati za mabanja a m'dera lanu, ndipo mavocha atatu mwa anayi alionse atsopano amapita kwa osaukitsitsa. Nyumba idzayenderedwa, ndipo pakati pa zina adzaona ngati inamangiriridwa pansi bwino kuti mphepo isaigwetse. Kampani ya paki nayo iyenera kuvomera kusaina mgwirizano ndi ofesiyo, ndipo lamulo la Indiana siliikakamiza kutero. Choposa zonse, mndandanda wa odikira ndi wautali, umatha zaka, ndipo nthawi zambiri umakhala wotseka. Choncho vocha siingakupulumutseni pa notisi ili pachitsekoyi, koma lembetsani ndithu paliponse pamene mndandanda watsegulidwa, kuphatikizapo ku Indiana Housing and Community Development Authority, imene imasamalira madera opanda ofesi yawoyawo. Mukasintha adiresi kapena foni adziwitseni polemba, chifukwa kalata imodzi yosayankhidwa imafufutitsa dzina. Akakukanani muli ndi ufulu wopempha kuti chigamulocho chiunikidwenso ndi munthu wina amene sanachipange, ndipo kalata yokanayo imanena masiku amene mwapatsidwa.

Nkhani ya bambo ikufunika kusamala kwapadera. Lamulo la Section 214 la 1980 limapereka thandizo la nyumba kwa nzika ndi kwa alendo a magulu ena, monga okhala ndi green card ndi othawa kwawo ovomerezeka. Banja losakanikirana ngati lanu lakhala likulandira thandizo logawidwa molingana ndi chiwerengero cha oyenerera: mwa anthu anayi oyenerera ndi atatu, ndiye kuti pa $500 ija mungalandire $375, ngakhale kuti malipiro a bambo amawerengedwa onse. M'chaka cha 2019 boma linafuna kuthetsa dongosolo limeneli, ndipo chaka chomwecho linaika Section 8 pa zinthu zimene a zolowa ndi kutuluka amaziona poyesa ngati munthu adzakhala mtolo kwa boma. Lamulo loika Section 8 pa zinthu zimenezo linasiya kugwira ntchito mu 2021, ndipo lamulo la 2022 silinaibwezerepo. Popeza mfundo zimenezi zimasintha boma likasintha, ndipo pempho la bambo likadali m'manja mwa akuluakulu, musasaine fomu ya vocha musanakhale pansi ndi loya amene akuyendetsa mapepala awo. Pa fomu iliyonse lembani zoona zokhazokha: kubisa munthu wokhala m'nyumba kapena malipiro ake ndi mlandu umene ungawononge zambiri kuposa lendi ya miyezi iwiri.

Pali zina zimene sizilipira puloti koma zimapepula thumba. Energy Assistance Program imathandiza pa bilu yotenthetsera nyumba, ndipo amene walembetsa ndi kuyenerera sadulidwa magetsi kapena gasi ndi makampani olamulidwa ndi boma kuyambira pa 1 December kufika pa 15 March. Pulogalamu ya Weatherization imakonza mwaulere malo olowa mphepo, ndipo nyumba ngati yanu zimaloledwa. Polemba msonkho wa Indiana, lendi ya puloti imachotsedwa pa ndalama zodulidwa msonkho kufikira $3,000 pachaka.

Mawa m'mawa, musanapite kwa trustee, lemberani kampani ya paki kalata yaifupi yonena kuti mwapempha thandizo, ndalama imene mungapereke lero, ndi tsiku limene mudzamalize zotsala, ndipo musunge kope. Polipira gwiritsani ntchito money order kapena cheke, mulandire lisiti, ndipo mufunse kuti alembe ngati kulandira gawo la ndalamazo kukuimitsa notisi, pakuti kulipira theka pakokha sikuletsa kampani kukasuma. Wina akakubweretserani pepala lakuti mupereke title, chikalata cha umwini wa nyumba, kuti ngongole ikhululukidwe, musasaine loya asanalione. Imbiraninso a Indiana Legal Services, amene ali ndi ofesi ku South Bend ndipo amaimira anthu opeza zochepa mwaulere; okhala ndi green card amaloledwa. Chisamani chikafika, aonetseni tsiku lomwelo, ndipo ngati mungamasuke bwino kufotokoza nkhani yanu m'Chichewa, dziwitsani kalaliki wa khoti msanga kuti akupezereni womasulira.