Malo Oimikapo Galimoto a Makolo ndi Ana pa Masitolo a ku Britain

Funso: Akonzi, ine ndimakhala ku Leeds m'dziko la England, ndipo ndili ndi ana awiri, wina wa zaka zitatu ndi wina woyamwa. Pa sitolo yaikulu kumene ndimagula zakudya pali malo oimikapo galimoto okhala ndi chizindikiro cha kholo ndi mwana, koma kawirikawiri ndimapeza kuti mwadzaza magalimoto a anthu amene sanabwere ndi mwana aliyense. Kodi anthu amenewa sakuphwanya lamulo? Nanga mlamu wanga, amene ndi woyembekezera, ali ndi ufulu woimika pamenepo?
Mayi wa ana awiri, Leeds

Yankho: Mayi, ku Britain kulibe lamulo la boma limene linakhazikitsa malo amenewa, choncho munthu woimikapo popanda mwana sakupalamula mlandu woti apolisi kapena khonsolo angamulipitse chindapusa. Bwalo loimikapo magalimoto la pa sitolo ndi malo a eni ake, ndipo masitolo monga Tesco, Sainsbury's, Asda ndi Morrisons amapatula malowa mwa kufuna kwawo pofuna kukopa mabanja, amene nthawi zambiri amagula katundu wambiri.

Komatu zimenezi sizikutanthauza kuti munthu wotereyo sangakhudzidwe. Woyendetsa galimoto akalowa m'bwalo limene lili ndi zikwangwani zooneka bwino zofotokoza mfundo za malowo, amatengedwa kuti wavomera mgwirizano, ndipo akauphwanya, kampani yoyang'anira bwalolo ikhoza kumutumizira kalata yomulipiritsa yotchedwa Parking Charge Notice. Ambiri ankaganiza kuti makalata amenewa ndi oopseza chabe mpaka mu 2015, pamene khoti lalikulu kwambiri ku Britain la Supreme Court linagamula mlandu wa pakati pa kampani yoyang'anira malo oimikapo magalimoto ya ParkingEye ndi a Barry Beavis. A Beavis anapitirira maola awiri aulere pa bwalo lina la masitolo ku Chelmsford, ndipo khotilo linati mapaundi 85 amene anawalipiritsa anali ovomerezeka. Kuwonjezera apo, lamulo la Protection of Freedoms Act la 2012, limene linaletsa kumanga mateyala a magalimoto pa malo a eni ake ku England ndi ku Wales, linalolanso kuti mwini galimoto azitha kulipiritsidwa ngati amene ankayendetsa sakudziwika, ndipo makampaniwa amapeza adiresi yake ku DVLA, bungwe la boma losunga kaundula wa magalimoto ndi oyendetsa.

Vuto lagona pa umboni. Kamera yowerenga nambala za magalimoto pa chipata imadziwa nthawi imene galimoto yalowa ndi imene yatuluka, koma sidziwa ngati kumbuyo kunali khanda. Pamafunika munthu woima pabwalopo woona ndi maso ake amene akutsika, ndipo masitolo ambiri safuna kukangana ndi makasitomala awo pa nkhani yotere. N'chifukwa chake mumaona anthu akuimika mopanda mantha.

Chimene anthu oterewa samvetsa n'chakuti phindu lalikulu la malowa ndi kukula kwake m'mbali. Malo wamba oimikapo galimoto ku Britain kwa nthawi yaitali akhala mamita 2.4 m'lifupi ndi mamita 4.8 m'litali, pomwe magalimoto a masiku ano ndi otambalala kuposa akale. Galimoto ikaima pakati pa magalimoto ena awiri, chitseko chimatseguka pang'ono, mokwanira kuti munthu wamkulu adzipanikize n'kutuluka, koma osakwanira kuti mayi awerame, amasule malamba a mwana wa zaka zitatu, kenako atulutse mpando wa khanda umene uyenera kudutsa pa chitsekopo wathunthu. Ku Britain mwana sayenda ali kumsana kapena pamiyendo m'galimoto, popeza lamulo limafuna kuti akhale pa mpando wake mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena atatalika masentimita 135. Mpata wa m'mbali uja ndiwonso pamene kholo limaimika chikuku kapena ngolo ya katundu, m'malo moisiya kumbuyo kumene magalimoto amadutsa. Kwa ine, masitolo akanachita bwino kuika ena mwa malowa chapatali ndi khomo, bola pakhale kanjira kotetezeka ka oyenda pansi, chifukwa aulesi amene amawalanda amangofuna kufupikira khomo basi.

Pa nkhani ya msinkhu, masitolo ambiri amatsatira zaka 12 zomwezo, koma cholamula ndi chikwangwani cha pamalopo, choncho muzichiwerenga. Mpando wa mwana wopanda mwana m'galimoto supereka ufulu uliwonse, ndipo ngati bambo atsala m'galimoto ndi ana pamene inu mwalowa nokha m'sitolo, malowo ndi oyenera kusiyira ena. Agogo, azakhali kapena wolera ana amene wabwera ndi mwana wamng'ono ali ndi chifukwa chofanana ndi chanu.

Za alamu anuwo, masitolo amasiyana maganizo ndipo zikwangwani zambiri sizitchula amayi oyembekezera. Pamene mimba yakula moti kutuluka pa chitseko chotseguka pang'ono n'kovuta, ndikuona kuti chifukwa chawo n'chomveka, koma ndi bwino kuti ayambe afunsa pa tebulo lothandizira makasitomala n'kumva yankho la sitoloyo. Dziko la Italy linaithetsa nkhaniyi mwa lamulo mu 2021, pamene linalola makhonsolo kupatula malo a amayi oyembekezera ndi makolo a ana osapitirira zaka ziwiri, ogwiritsidwa ntchito ndi chiphaso chotchedwa permesso rosa. Ku Britain chiphaso chotero kulibe.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni: malo anu akadzaza, musaimike pa malo a anthu aulumali. Amenewo ndi a okhala ndi Blue Badge, chiphaso cha anthu aulumali choimikira galimoto, ndipo lamulo la Equality Act la 2010 limakakamiza masitolo kuchita zoyenera kuti anthu aulumali azitha kufika ndi kuthandizidwa, udindo umene sukhudza malo a makolo. Mwinanso ena mwa amene mumawaona opanda ana ndi aulumali amene apeza malo awo atadzaza, ndipo si ulumali uliwonse umene umaoneka ndi maso.

Choncho musalimbane ndi munthu pabwalo ana akuona. Kauzeni woyang'anira sitolo, ndipo zikapitirira lembani kalata ku likulu la kampaniyo, mutchule nthambi yake komanso masiku ndi nthawi zimene malowo amadzaza, chifukwa madandaulo olembedwa ndiwo amachititsa kuti atumize munthu woyendera bwalolo. Ngati tsiku lina inuyo mwalandira kalata yolipiritsa pamene munalidi ndi ana, dandaulani kaye ku kampani imene yakulemberaniyo, ndipo ikakana mukhoza kuchita apilo ku bungwe lomva madandaulo otere: ku POPLA ngati kampaniyo ili m'bungwe la British Parking Association, kapena ku IAS ngati ili m'bungwe la International Parking Community. Sungani lisiti la tsikulo.