Kodi ndikapita ku Ranthambore ndikamuonadi kambuku wamizeremizere?

Mayi wina wa ku Zomba, amene akupita ku Delhi kukachita maphunziro a miyezi ingapo, wandilembera kalata yofunsa ngati ndi nzeru kupatula masiku awiri ndi ndalama zochepa zimene ali nazo kuti akafike ku Ranthambore, nkhalango yosungirako nyama zakutchire ya ku India, ndiponso ngati munthu angatsimikize kuti akafika kumeneko akaonadi kambuku wamizeremizere ali m'tchire mwake. Akuti ku Liwonde anaona njovu ndi mvuu tsiku loyamba lomwe, choncho akuyembekezera kuti ku India kudzakhalanso chimodzimodzi.

Mayi, ndiyambe ndi kukuchotsani chiyembekezo chimenecho, chifukwa ndi chimene chimabweza alendo ambiri nkhope zili zakugwa. Njovu imayenda pagulu ndipo sibisala, pamene kambuku ameneyu amakhala yekha, amagona pamthunzi pafupifupi usana wonse, ndipo mizere yake yakuda imasakanikirana ndi udzu wouma moti mukhoza kumudutsa pafupi kwambiri osamuzindikira. Dziwaninso kuti si nyalugwe wamawanga amene timamudziwa kuno kwathu, ngakhale timakonda kuwatchula ndi dzina limodzi. Uyu ndi wa ku Asia kokha, ndipo wamphongo wamkulu amatha kulemera makilogalamu oposa 200.

Komabe, mwasankha dziko loyenera. Kalembera wa m'chaka cha 2022 anasonyeza kuti ku India kuli akambuku pafupifupi 3,682, omwe ndi pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a onse otsala m'tchire padziko lapansi. Ranthambore ili m'chigawo cha Rajasthan, pafupi ndi tauni ya Sawai Madhopur imene ili panjanji yochokera ku Delhi kupita ku Mumbai, ndipo inali m'gulu la nkhalango zisanu ndi zinayi zoyambirira zimene boma linaika pansi pa ntchito yoteteza akambuku yotchedwa Project Tiger mu 1973. Ubwino wake ndi wakuti mitengo yake imayoyola masamba m'chilimwe, tchire n'kukhala loyera, ndipo akambuku ake anazolowera magalimoto kalekale. Wamkazi wina wotchedwa Machli, amene anamwalira mu 2016, anajambulidwa kwambiri chifukwa ankayenda poyera m'mbali mwa nyanja zing'onozing'ono za m'nkhalangoyo, osalabadira anthu.

Chofunika kwambiri pa zonse zimene ndingakulangizeni ndi ichi: ndalama zanu zipite ku maulendo olowa m'nkhalango, osati ku hotela yapamwamba. Simuloledwa kulowa ndi galimoto yanu kapena kuyenda pansi. Mumalowa kawiri patsiku, m'mamawa ndi chakumadzulo, kwa maola atatu kapena kupitirira pang'ono, pa kagalimoto kopanda denga kotchedwa Gypsy konyamula anthu 6, kapena pa chilole chotchedwa Canter chonyamula anthu 20. Nkhalangoyo inagawidwa m'zigawo 10, ndipo galimoto iliyonse imayenda m'chigawo chimene yapatsidwa basi, ngakhale woyendetsa atamva kuti kambuku wagona pamsewu kuseri kwa phiri. Munthu amene walowa kamodzi amakhala ngati woponya mbedza kamodzi n'kumadabwa kuti wabwerera chimanjamanja. Amene walowa katatu kapena kanayi, m'zigawo zosiyana, mwayi wake umakula kwambiri, ngakhale kuti palibe amene angalonjeze, ndipo aliyense wokulonjezani mumukayikire. Ngati thumba likulola, tengani Gypsy, chifukwa imatembenuka msanga, imakwana m'tinjira tating'ono, ndipo mulibe phokoso la anthu ambiri. Malo amatha msanga, choncho lembetsani pa intaneti pasadakhale kudzera ku dipatimenti ya zankhalango ya Rajasthan, ndipo pasipoti imene mwalembetsera musaisiye ku hotela, chifukwa amaifuna pachipata.

Za nyengo, April ndi May ndi miyezi imene kambuku amaoneka kwambiri, chifukwa madzi amakhala ataphwa m'malo ambiri ndipo nyama zonse zimakakamizika kubwera pamaiwe ochepa otsala. Vuto lake ndi kutentha koposa madigiri 40, kofanana ndi kwa ku Nsanje mu October, kuphatikizapo fumbi lolowa mpaka m'mano. Kuyambira July mpaka September zigawo zikuluzikulu zimatsekedwa chifukwa cha mvula. Mukapita mu December kapena January, musanyozere chisanu cha m'mamawa pagalimoto yopanda denga. Tengani chijasi ndi chipewa.

Tsono mukalowa, musangoyang'ana ndi maso, koma muzimvetsera. Wolondolera alendo wodziwa ntchito yake amayamba ndi kuweramira kunja kwa galimoto n'kumayang'ana fumbi la mumsewu, chifukwa kambuku amakonda kuyenda m'misewu usiku, ndipo phazi lake limasiya chidindo chachikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, chopanda zikhadabo. Ngati chidindocho chili pamwamba pa mikwasa ya matayala a m'mawa womwewo, ndiye kuti mwiniwake sali patali. Kenako amazimitsa injini, ndipo apa ndi pamene alendo osapirira amayamba kung'ung'udza kuti nthawi ikutha. Iye amakhala akudikira kulira kwa nyama zina. Apusi otchedwa langur, amene amakhala pamwamba pa mitengo, akaona kambuku amatsokomola mwaukali mobwerezabwereza, ndipo agwape amawanga otchedwa chital amalira kamawu kakang'ono kakuthwa. Koma mawu amene olondolera amawakhulupirira koposa ndi a sambar, mbawala yaikulu yotuwa, imene imalira kamodzi ngati lipenga lothyoka, n'kupondetsa phazi pansi, mchira uli m'mwamba. Kulirako kukamasuntha kuchoka kumanzere kupita kumanja, mumadziwa njira imene kambuku akuyenda musanamuone, ndipo kunena zoona, ine mphindi zodikira zimenezo ndimaziwerengera monga gawo lokoma koposa la ulendo wonse.

Pali chinthu chimodzi chimene sindimagwirizana nacho, ndipo mwina mukachiona. Kambuku akangotulukira, magalimoto amathamangira pamalo amodzi n'kumapanikizana, ena kumutsekera njira. Musamukakamize woyendetsa kuti ayandikire kwambiri pofuna chithunzi, ndipo mukamupatsa kangachepe kothokoza, kakhale ka ntchito yake ya tsiku lonse, osati mphoto yoti wakuonetsani kambuku, chifukwa chizolowezi chimenecho ndi chimene chimalimbikitsa liwiro ndi kupanikizanako.

Popeza mwatchula masiku awiri, ine ndingakwere sitima kuchoka ku Delhi m'mamawa, ndilowe m'nkhalango madzulo omwewo, mawa lake ndilowe kawiri, ndipo ngati maphunziro angalole kugona usiku wachiwiri, ndilowenso m'mamawa wa tsiku lachitatu ndisanabwerere. Pakati pa ulendo wa m'mawa ndi wa madzulo pamakhala maola okwanira kukwera ku linga lakale la Ranthambore, limene bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2013, ndipo mukaima pamwamba pa khoma lake mumaona bwinobwino nyanja ya Padam Talao, kumene sambar zimalowa m'madzi kukadya zomera.