Za ngalawa za mikono iwiri zimene munaziona ku Bagamoyo

Achimwene, mwafunsa kuti timabwato tija munationa ku Bagamoyo, ku gombe la Tanzania, tokhala ndi mitengo yopingasa ndi matabwa uku ndi uku, n'chifukwa chiyani eni ake amatitcha ngalawa pomwe kwathu kuno ngalawa ndi chinthu chachikulu, komanso bwanji asodzi a ku Nkhata Bay kapena ku Msaka saikako mikono yotere kuti bwato lisamagubuduke. Ine ndinakhalako ku gombe limenelo, ndipo funso lomweli linandisowetsa mtendere mpaka ndinakakwera ngalawayo ndekha.

Poyamba dzinalo. Ife tinazolowera kulimva ku tchalitchi: Yesu ali m'ngalawa ndi ophunzira ake, chingalawa cha Nowa. Tikamva ngalawa timaganiza chombo. Koma pa Chiswahili ngalawa ndi kameneko munakaonako, kosemedwa kuchokera ku thunthu limodzi. Zombo zikuluzikulu zamatabwa zili ndi maina awo, jahazi ndi mashua. Mawu ena a pamadzi timafanananso nawo: iwo amati tanga, ife thanga, iwo mlingoti, ife mlongoti.

Kapangidwe kake n'komwe kamandigwira mtima. Thunthu nthawi zambiri limakhala la mango, chifukwa mtengo wa mango wokalamba umanenepa mokwanira ndipo sulimbana ndi kasemasema. Kutalika kwake kumakhala pafupifupi mamita 6, koma m'mimba mwake n'mopapatiza zedi, theka la mita kapena kupitirirako pang'ono, moti anthu awiri sangakhale moyandikana. Thunthu likaperewera msinkhu amawonjezera matabwa m'mbali kuti mafunde asamalowe. Kenako amagoneka mitengo iwiri yopingasa, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo kunsonga kwake amamangirira thabwa lalitali mbali iliyonse. Mukayang'anitsitsa zithunzi zanu muona kuti thabwalo si lobulungira ngati chipika. Ndi laphanthiphanthi, ndipo analipendeketsa dala. Ngalawa ikathamanga, thabwa la mbali imene mphepo ikukankhirako limatsetsereka pamwamba pa madzi n'kumakankha m'mwamba, m'malo momira. Zambiri mwa zimenezi n'zomanga ndi zingwe. Munthu wosadziwa amaona ngati umphawi wa misomali, koma chingwe chimalola mtengo kugwedezeka pang'ono funde likamenya, pomwe cholumikiza chouma gwa chikanathyoka. Ming'alu amaitseka ndi thonje loviika m'mafuta, ndipo thupi lonse amalipaka mafuta a chiwindi cha shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja yamchere. Fungo lake silichoka msanga m'zovala.

Tsono mikonoyo ntchito yake yeniyeni ndi ya thanga. Ngalawa imanyamula thanga lalikulu la makona atatu, lomangidwa pa mtengo wautali wopendekeka umene nthawi zina umaposa ngalawayo kutalika, ndipo mlongoti wake ndi waufupi. Kathunthu kowonda chonchija, kopanda chitsulo cholemera pansi, mukakapatsa thanga lotero popanda mikono kagubuduka musanatuluke n'komwe padooko. Mphepo ikakula, mmodzi wa asodzi amatuluka n'kukaima pa thabwa la mbali imene mphepo ikuchokera, atagwira chingwe chochokera ku mlongoti, thupi lake n'kukhala cholemetsa. Tsiku limene ndinakwera, mnyamata amene anachita zimenezi ankacheza ndi mnzake uku madzi akumumenya m'maondo. Ine mtima unali m'mwamba, koma ndinazindikira kuti chombochi anachilingalira anthu odziwa bwino kulemera kwa munthu ndi mphamvu ya mphepo. Potembenuka sadula mphepo chamaso ayi, amaipatsa nkhongo, n'kuzunguliza mtengo wa thanga kutsogolo kwa mlongoti.

Palinso china chimene ife a kunyanja ya madzi opanda mchere sitichidziwa. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo cha ku Zanzibar madzi amatha kutsika mamita 3 kapena 4. Akaphwa, ngalawa imatsala pamchenga itakhazikika pa mikono yake, osagona chammbali. Pansi pake n'posazama, choncho imadutsa pamwamba pa matanthwe a m'madzi pomwe jahazi ingasweke. Asodzi amapita kukaponya mbedza ndi kukaonjola miono yawo yoluka, imene amaitcha madema.

Mbiri yake ndi yaitali kuposa mmene ambiri amaganizira. Buku lina lachigiriki la amalinyero, Periplus of the Erythraean Sea, lolembedwa m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, limanena kale za mabwato osema ndi ena osoka ndi zingwe pa gombe limeneli, ogwirira nsomba ndi akamba a m'nyanja. Mzinda wina kumeneko unkatchedwa Rhapta, dzina lochokera ku kusoka komweko. Zombo zosokazo zinakhalitsa: mtepe wa ku zilumba za Lamu ku Kenya, womangidwa ndi zingwe za makoko a kokonati wopanda msomali ndi umodzi womwe, unatha m'zaka za m'ma 1930. Koma za mikono bukulo silinenapo kanthu. Luso la mikono kwawo ndi kum'mawa kwenikweni, ku zilumba za Indonesia ndi Philippines, kumene mpaka lero mabwato otere ali mbwee. Anthu a kumeneko anawoloka nyanja yonse ya India n'kukakhazikika ku Madagascar zaka zoposa 1,000 zapitazo. Umboni uli m'kamwa mwa anthu: mu 1951 katswiri wa zinenero Otto Christian Dahl anaonetsa kuti Chimalagasi n'chapachibale kwambiri ndi chinenero cha Ma'anyan cha pa chilumba cha Borneo, ku Indonesia. N'chifukwa chake mikono mumaipeza ku Madagascar, ku Comoros kumene amati galawa, ndi pa gombe la Aswahili, koma ku gombe la kumadzulo kwa Africa, ku Ghana kapena ku Senegal, mabwato osema alibe mikono. Thanga la makona atatu ndi lofanana ndi la majahazi oyenda pakati pa Arabia, India ndi Zanzibar potsata mphepo ziwiri, kaskazi yochokera kumpoto chakum'mawa ndi kusi yochokera kummwera. Kangalawa kamodzi kameneka kasenza nzeru za mbali zitatu za dziko.

Nanga kwathu bwanji? Apa ndinene maganizo anga. Bwato la pa Nyanja ya Malawi analisemera nkhafi. Onani kukamwa kwake mmene amakusiyira kopapatiza, milomo yopindikira m'kati, kuti funde la mwera likamenya madzi asadzaze msanga. Popeza mulibe thanga lolikankha chammbali, chimene chimalikhazika ndi chiuno cha wopalasa. Mukaliika mikono, nkhafi izigunda pamtengo, khoka lizikodwa pokoka, ndipo kulikokera kumtunda pa gombe lodzaza mabwato kukhala chintchito. Amene amati makolo athu sanaganize bwino alakwa, anasema bwato loyenera ntchito imene ankagwira. Komanso Aswahili amene anafika kunyanja kwathu sanabwerere usipa. Jumbe wa ku Nkhotakota ankafuna zombo zonyamula minyanga ya njovu ndi akapolo kuwolokera kutsidya, ndipo David Livingstone atafika kumeneko mu 1863 anapeza chombo cha thanga chikukhomedwa. Ndiye chimene anthu a kuno anachiona chinali chombo chachikulu cha katundu, ndipo ndikuganiza kuti dzina la ngalawa linamatirira pa icho.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mitengo. Mango okula mokwanira kusemamo ngalawa akusowa, monga mmene mbawa yasowera kwathu, ndipo achinyamata ambiri maso ali pa maboti a faibala a injini. Sindiwanena, injini imafikitsa nsomba pamsika zisanaole. Koma mafuta akakwera mtengo, amene amatulukabe mbandakucha ndi wa thanga uja. Mukadzapitanso ku Bagamoyo, dzukani m'mamawa mukaone akunyamuka, ndipo mudzapemphe msodzi akuonetseni mfundo zimene amamangira thabwa ku mtengo wopingasa uja.