"CCF" ndi "cardiomegaly" m'kabuku ka amayi: akunena chiyani?

Mtsikana wina wa ku Bangula wanditumizira imelo. Amayi ake anayamba kutupa miyendo, akagona chagada ankabanika, ndipo atawajambula pachifuwa, m'kabuku kawo ka kuchipatala munalembedwa "CCF" ndi "cardiomegaly". Akufunsa tanthauzo la mawuwa, komanso chifukwa chake "cardi" akupezeka paliponse.

Achemwali, pepani ndi matendawa. Mwachita bwino kufunsa, chifukwa ambiri timangolandira kabuku n'kukaika m'chikwama, zolembedwamo osazidziwa.

"Cardi" ameneyu anachokera ku mawu a Chigiriki akuti kardia, kutanthauza mtima. Achipatala amangolumikizako tizidutswa tina kutsogolo kapena kumbuyo. Cardiology ndi maphunziro a mtima, cardiologist ndi dokotala wake. Megas ndi chinthu chachikulu, choncho cardiomegaly ndi mtima umene wakula kuposa muyezo. Pa X-ray, mthunzi wa mtima ukaposa theka la m'lifupi mwa chifuwa, ndiye amalemba zimenezi.

CCF ndi chidule cha congestive cardiac failure. Musachite mantha kuti mtima waima. Ukugunda ndithu, koma wafooka, sukukankha magazi mokwanira. Inu a ku Bangula mumadziwa zimene zimachitika pa Chiromo mtsinje wa Ruo ukadzaza: madzi a Shire amasowa podutsa, amabwerera m'mbuyo n'kusefukira m'madambo. M'thupi zimateronso. Magazi akalephera kudutsa bwino pamtima, madzi amadikha m'miyendo, m'mimba ndi m'mapapo. N'chifukwa chake amayi akufuna mapilo awiri kapena atatu kuti agone, ndipo n'kutheka kuti apatsidwa furosemide, mankhwala okodzetsa aja.

Koma apa ndiye pagona nkhani. Mawu awiriwa akungonena zimene dokotala waona, sakunena chimene chayambitsa. Ndipo chithandizo chenicheni chimadalira choyambitsacho.

Kwa anthu akuluakulu, kawirikawiri ndi BP imene yakhala yokwera zaka zambiri munthu osadziwa. Kwa ana ndi achinyamata timaopa rheumatic heart disease. Imayamba ndi zilonda zapakhosi zimene timaziona ngati zazing'ono, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15, kenaka chitetezo cha m'thupi chimawononga timavavu ta mumtima, titseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Zimandipweteka kwambiri chifukwa penisilini woperekedwa msanga akanaletsa zonsezo. Mukaona cardiomyopathy, myo ndi mnofu, pathos ndi matenda: mnofu weniweni wa mtima ndi umene wadwala, ndipo zimagwiranso amayi ena chakumapeto kwa mimba kapena miyezi yochepa atachira. Pericarditis ndi kutupa kwa kathumba kokuta mtima, peri kutanthauza mozungulira, -itis kutupa. Kuno kwathu nthawi zambiri imabwera ndi TB, ndipo madzi odzaza m'kathumbako amachititsa mtima kuoneka waukulu pachithunzi pamene si mtimawo wakula. Kuchepa magazi kwambiri nakonso kumatopetsa mtima.

Mawu ena awiri mudzakumana nawo ndithu. Tachycardia ndi kugunda kothamanga, kupitirira 100 pa mphindi munthu wamkulu atapuma. Bradycardia ndi kugunda kochedwa, kosafika 60. Mukhoza kuwerenga nokha: amayi akhale pansi kanthawi, ikani zala ziwiri padzanja lawo m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kwa mphindi yathunthu mukuyang'ana pafoni. Muzilemba tsiku ndi tsiku. Dziwani kuti dzuwa la kuchigwa kuno mu Okutobala, malungo ndi kusowa madzi m'thupi zimathamangitsa mtima wabwinobwino, pomwe mnyamata wa kabaza wopalasa tsiku lonse akhoza kukhala pansi pa 60 ali bwino lomwe.

ECG, dzina lonse electrocardiogram, imajambula papepala mphamvu ya magetsi imene imagunditsa mtima. Tiziwaya tomwe amamata pachifuwa tija sitigwira shoko, timangomvetsera. Makinawa anawakonza ndi Willem Einthoven wa ku Netherlands chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1924. Echocardiogram ndi sikani, yofanana ndi ya amayi oyembekezera, imene imaonetsa zipinda zinayi za mtima ndi timavavu take zikugwira ntchito. Imeneyi ndiyo imayankha bwino funso la choyambitsa, ndipo akakuuzani zopita ku Queens ku Blantyre, yesetsani kupeza thiransipoti mupite.

Cardiac arrest ndi kuima kwadzidzidzi kwa mtima. Myocardial infarction ndi pamene mtsempha wodyetsa mtima watsekeka, mbali ina ya mnofu wake n'kufa. Palinso cardia, amene si mtima konse koma khomo la chifu. Asidi akadutsa pamenepo kukwera m'mwamba, ndiye chilungulira chija.

Tsiku loti amayi abwerere kuchipatala likafika, funsani adokotala mwaulemu: chakulitsa mtimawu n'chiyani, BP ili bwanji, magazi ndi okwanira, ayezedwa TB? Kunyumba chepetsani mchere mundiwo, nsomba zouma zothira mchere muzizinyika kaye. Mankhwala asasiye ngakhale miyendo itaphwa. Akayamba kubanika ali chikhalire, kupweteka pachifuwa kapena kukomoka, musadikire kuche, thamangirani nawo kuchipatala usiku womwewo.