Alamu, injini yakaleyo musayitaye kaye

Eee alamu, mwaswera bwanji kumeneko, ana ali bwanji, achemwali anga nawo ali bwanji. Pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu ndinauona dzulo lomwe koma manja anali oyilo okhaokha, ndiye ndati lero ndingojambula mawu chifukwa zonsezi kuti ndizilembe pa foni sindingamalize. Abale ena pagulu pano pepani, nkhaniyi ndi ya magalimoto ndipo italikirapo ndithu.

Ndiye mwati Chevrolet Camaro ya 1968 munagula ija injini yanoka, ikugogoda pansi komanso pulesha ya oyilo yatsika, ndipo mukufunsa kuti pa zitatuzi mutenge iti, kukonzetsa injini ya 327 yomwe ilimoyo (nambalayi ndi kukula kwa injini mu ma cubic inchi), kugula 350 yatsopano ya m'bokosi ija amati crate engine, kapena kumvera mnzanu wa kuntchito amene akuti mukatole LS ya malita 5.3, injini ya Chevrolet ya m'badwo watsopano yoyendera kompyuta, ku sikirapu. Ine ndikuuzeni maganizo anga pachiyambi pomwe kuti musavutike kudikira, gulani 350 muyikemo, koma 327 yo musagulitse, musataye, musasinthanitse ndi munthu olo akunyengerereni bwanji. Tsopano ndifotokoze chifukwa chake.

Musanaitane makaniko aliyense, tengani tochi ndi kansalu konyowetsa petulo pang'ono, mutsegule boneti. Kutsogolo kwa injini, mbali ya pasenja, imene kwanuko ndi kumanja poti chiwongolero chili kumanzere, pamene hedi yathera pali kamalo kosalala pa buloko, kakang'ono ngati zala ziwiri. Pukutani pang'onopang'ono, chonde osapala ndi sandipepa kapena chitsulo chifukwa manambala ake anadinda mosazama, mukhoza kuwafufuta nokha. Mupezapo mizere iwiri, wina umanena fakitale ndi tsiku limene injini inamangidwa komanso mtundu wake, winawo ndi chidutswa cha nambala ya galimoto, VIN ija. Ndiye mukasuzumire pa dashibodi mbali ya dalaivala kudzera pa galasi lakutsogolo, pali kachitsulo ka VIN yonse. Manambala 6 omalizira akafanana, dziwani kuti injiniyo ndi imene galimoto inatuluka nayo ku fakitale zaka zonsezo, ndipo kwa anthu okonda magalimoto amenewa chimenecho ndi chuma, mtengo wa galimoto umasiyana kwambiri ndi ina yoti injini inasinthidwa kale. Ndiye pogula 350 ena adzakuuzani kuti bweretsani yakaleyo tikuchotsereni ndalama pang'ono, core amatero, kanani alamu, kandalama kameneko ndi kochepa kuyerekeza ndi chimene mukupereka.

Nanga bwanji sindikunena kuti mungokonzetsa 327 yomweyo basi? Zimatheka, ndipo injiniyo ndi yabwino, imakonda kuthamanga ma rev chifukwa sitiroko yake ndi yaifupi, 3.25 inchi. Koma injini yoti yagogoda pansi simudziwa zimene mukapeze mpaka mutaiphwasula. Kirankishafuti mwina yadyeka, ma koni rodi mwina apindika kapena apsa, tizitsulo ta ma bearing tamwazika m'njira zonse za oyilo, ndiye kwanu ku Indiana, ku America, kumazizira mpaka madzi kuuma, galimoto ikakhala inagonapo panja chaka china ndi madzi wamba mu rediyeta buloko imatha kung'aluka mwakachetechete. Ma hedi a nthawi imeneyo anapangidwira petulo wa mtovu, ndiye pamene amakhala mavavu pamafunika kuikapo zolimba. Zonsezo ndi ntchito ya ku machine shop, ndipo kumeneko zinthu zimakhalitsa pa mzere, galimoto ili pa majeke, nyengo yotentha imene mukanayendera n'kudutsa. Komanso mukadzapita nayo tsiku lina muwauze momveka bwino kuti akamasalaza pamwamba pa buloko asafike pa kamalo ka manambala kaja, chifukwa makina akangodutsapo kamodzi manambala apita, sabwereranso. Ndiye ine ndikuti ntchito imeneyo idikire nthawi yoti muli ndi ndalama komanso mtima uli m'malo. Pakali pano itsitseni, thirani oyilo m'masilinda, tsekani mabowo onse, kutani ndi pulasitiki, ikani pa thabwa pakona ya galaji, osati pansi pa simenti poyera.

Tsopano 350. Ubwino wake waukulu ndi woti kunja kwake ndi 327 yeniyeni. Banja lake ndi limodzi, small block ya Chevrolet imene inayamba 1955, ndipo 350 yo inayambira mu Camaro momwemo mu 1967. Kukula kwa silinda n'kofanana, 4 inchi, kusiyana kuli pa sitiroko basi, iyi ndi 3.48, ndiye imakoka bwino kuchokera pansi, ponyamuka pa maloboti mumaimva. Ma mounting ndi omwewo, giyabokosi imamanga pomwepo, ekizozi yomweyo, distributor, pampu ya madzi, zambiri mumangochotsa ku yakale n'kumanga ku yatsopano. Anthu awiri odziwa sipanala, ndi cheni buloko yabwino, Loweruka ndi Lamlungu injini imakhala yalowa. Ndipo munthu akatsegula boneti amaonabe galimoto ya 1968, kabuleta pamwamba ndi chosefera mpweya chozungulira chija, phokoso lake lomwe lija. Inu munanena nokha pogula kuti chinakukokani ndi kalilidwe kake, eti, ndiye bwanji tichotse chinthu chimene munagulira galimoto.

Koma pogula mufunse mafunso angapo, asangokuuzani kuti 350 ndi 350. Funsani ngati silu yakumbuyo kwa kirankishafuti ndi ya zidutswa ziwiri kapena ya chimodzi. Za kale ndi ziwiri, kuyambira 1986 anasintha kukhala chimodzi, ndipo ikakhala ya chimodzi fulaiwilo kapena flexplate yanu yakale siimangika, mabowo ake ndi osiyana, mugula ina, sampu nayonso ndi ina. Funsani ngati buloko ili ndi malo omangira pampu ya petulo ija imayendetsedwa ndi kamu, chifukwa ena mwa mabuloko atsopanowa alibe, ndiye mufunika ya magetsi. Ikakhala ndi ma hedi a Vortec, amene anabwera 1996, ndi ma hedi abwino zedi amapuma bwino, koma manifodi yanu yakale ya kabuleta siigwirizana nawo, mabawuti ake ndi 8 pomwe yakale ndi 12. Izi si zovuta ayi, kungoti mudziwiretu musanalipire kuti katundu yense abwere limodzi.

Funso lalikulu kuposa onse ndi la kamu, ngati ndi ya roller, imene ma lifita ake ali ndi timawilo, kapena ndi ya flat tappet yachikale, imene ma lifita ake amangokhula pa kamu. Ngati thumba likulola tengani ya roller, ndikukupemphani. Apa ndikunena zimene ndinaona ndi maso anga. Kuno ku Joni ma V8 a Chevrolet alipo, akale aja a Chev SS ndi Constantia, ndipo zaka zapitazo tinamangira bambo wina 350 ya kamu yachikale. Injini inatuluka bwinobwino, koma oyilo tinathira wamba wa masiku ano, ndipo poiliza koyamba inavuta kulira, tinaipukusa nthawi yaitali ndi sitata, italira tinaisiya pa aidulo tikusaka pamene pamadontha madzi. Patangotha masabata awiri bamboyo anabwera nayo ikulira kuti tiki tiki tiki mbali imodzi, mphamvu yachepa. Nditatsegula kava ndinapeza roka imodzi ikungogwedera pang'ono pomwe zinzake zikukwera n'kutsika. Ndinadula fyuluta ya oyilo n'kutambasula pepala lam'kati padzuwa, linkanyezimira ngati mwawazapo mchenga wa kunyanja. Kamu inali itadyeka phiri limodzi lonse, ndipo chitsulo chonsecho chinali chitazungulira mu injini, tinaphwasulanso yonse ndi ndalama zathu. Zinandipweteka kwambiri chifukwa bamboyo anatikhulupirira. Kamu yachikale imafuna oyilo wa zinki wambiri, ZDDP imene ija, ndipo oyilo wa magalimoto a lero anaichepetsa. Komanso ikangolira koyamba imafunika ikwere pompo pa 2000 mpaka 2500 rpm kwa mphindi 20 kapena 30 osaisiya pa aidulo, chifukwa kamu imadalira oyilo wothovoka kuchokera pansi. Ya roller mavuto onsewa mulibe.

Tibwere kwa mnzanu wa LS uja. Sakunama ayi, ndipo ine injini imeneyo ndimaipatsa ulemu. Inayamba 1997 mu Corvette, ndipo ya 5.3 yo inadzaza m'mapikapu a Silverado ndi ma Tahoe kuyambira cha m'ma 1999, n'chifukwa chake ku sikirapu kwanuko ndi yotchipa. Imalira kamodzi olo kuzizire bwanji, imamwa petulo mwaulemu, siidontha oyilo ngati zakalezi, imayenda mtunda wautali osatsegulidwa. Koma mtengo umene mnzanuyo akukuuzani ndi wa injini yokha ili pansi. Kuti ilowe mu Camaro mufunika ma mounting ena, sampu ina chifukwa ya pikapu ndi yakuya imalendewera pansi pa galimoto, mukhoza kuiphulitsa pa hampu, ekizozi yonse ina, manifodi ya pikapu ndi yaitali nthawi zambiri imalimbana ndi boneti, mapaipi a rediyeta satulukira pamene panatulukira akale. Ndiye pali kompyuta ndi mawaya ake, afunika munthu woti achotse loko ya fakitale ija yoletsa akuba apo ayi injini imalira n'kuzima. Petulo nayenso, kabuleta imafuna pulesha ya 6 psi kapena pamenepo, LS imafuna 58, kutanthauza pampu ina, mapaipi ena, nthawi zambiri thanki ina. Ma geji a pa dashibodi muwaganizirenso. Chilichonse mwa izi chili ndi yankho lake ndipo kwanuko zida zake amagulitsa zokonzeratu, koma muziphatikize zonse papepala muone ngati zikutchipabe. Ndiye poti injini ya ku sikirapu mbiri yake simuidziwa, mukhoza kuvutika miyezi kuimanga kenako n'kupeza kuti nayonso ndi yotopa.

Kunoko nkhani yomweyi timaiona ndi V8 ya Lexus, 1UZ ija ya 4.0, anthu amaiika m'mabaki ndi m'magalimoto akale ambirimbiri chifukwa yotchipa ndi yolimba. Zina zimatuluka bwino kwambiri. Koma pa yadi pathu pali galimoto ina yakhala chaka chachiwiri tsopano, injini inalowa kalekale, mawaya ali lendelende pa fenda, mwini wake ndalama zinamuthera pakati ndipo mtima unachoka. Inu muli ndi ntchito ya mashifiti, muli ndi ana a sukulu, galaji yanu mwati ndi yaing'ono, ine sindikufuna Camaro yanu idzakhale choncho. Mukanati ndi galimoto yopitira kuntchito tsiku ndi tsiku mpaka m'chisanu, kapena mukanapeza kuti manambala sakufanana ndipo mukufuna yoyenda maulendo ataliatali, ndikanati ganizirani LS. Koma inu mwati ndi ya Lamlungu ndi Lamlungu, kupita kutchalitchi, kukazungulira ndi ana kukatentha.

Za injini zazikulu kuposa apa, 383 kapena big block ngati 454, musazilowe. Ya 454 yo ndi yolemera, kutsogolo kumafuna masipuling'i ena, kutentha kwake rediyeta yanu siingakwanitse.

Ndipo pa nkhani ya mphamvu musatengeke ndi manambala a pa intaneti. 327 wamba ya chaka chimenecho ya kabuleta ya mabowo awiri inalembedwa 210 horsepower, ndipo kayezedwe ka nthawi imeneyo kanali koyeza injini ili yokha yopanda zolemetsa, kuyambira 1972 ndi pamene anasintha manambala n'kutsika. Ndiye 350 ya pafupifupi 300 muimva kusiyana kwambiri, ikukwanirani. Kupitirira pamenepo mwayamba kuvutitsa zinthu zina. Mwati yanu ndi otomatiki, ndiye mwina ndi Powerglide ya magiya awiri okha, imeneyo ndi yolimba ipirira, mtsogolo mukhoza kudzaika TH350 ya magiya atatu kapena 700R4 yokhala ndi ovadiraivi kuti pa msewu waukulu injini isamakuwe. Difu yakumbuyo ngati ndi yaing'ono ija ya mabawuti 10 siikonda nkhanza. Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi mabuleki. Ma Camaro ambiri a 1968 anatuluka ndi ma dramu matayala onse anayi, ndipo mmenemo mukwezamo achemwali anga ndi ana. Ndalama imene mupulumutse posagula za LS zija ipite ku ma disiki akutsogolo, mapaipi a buleki atsopano, rediyeta yabwino, ndi mapaipi a petulo a labala atsopano chifukwa petulo wa kwanuko ali ndi ethanol ngati wa kumudzi, amadya labala wakale, ndipo moto wa mu boneti umayambira pamenepo. Injini ikatuluka muonenso bwino subframe ndi pansi pa galimoto, mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chisanu umadya chitsulo mobisa, gogodani ndi sikuludiraiva mumve ngati pali pofewa.

Basi alamu, kasitomala wafika pageti ndiyenera kupita. Mukaweruka mujambule kamalo ka manambala kaja mutawalitsa tochi cham'mbali kuti aoneke, mujambulenso VIN, koma zimenezo munditumizire kumbali osati pagulu pano. Mundijambulirenso tayala lakutsogolo mutalichotsa ndione mabuleki, ndi chivundikiro cha difu ndiwerenge mabawuti. Mukapeza 350 imene mwaikonda nditumizireni pepala la zimene zili m'kati mwake musanalipire, tiyang'ane limodzi Loweruka madzulo. Moni kwa onse kunyumbako.