Kwa mphwanga, za GTI ija

Eee, mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Achemwali, uthenga uwu ndi wa mwana wanuyu, inu mukhoza kungoudumpha, ndi nkhani ya magalimoto. Mphwanga, funso lako ndalimva. Ukuti wapeza VW Golf 7 GTI ya 2015 ku Boksburg, ya DSG (gearbox ija yosintha yokha magiya), yayenda makilomita 130,000, ndiye ukufuna uigule n'kukaipanga stage 1 mwezi womwe uno. Ndili pa nkhomaliro, ndiye ndilankhula mothamanga.

Galimotoyo payokha ndilibe nayo mlandu. Injini yake ndi 2.0 TSI, ija amati EA888, ndipo isanakhudzidwe n'komwe imatulutsa 162 kW ndi 350 Nm. Iwe amene wakhala ukuyendetsa ka Polo Vivo zaka zitatu, mphamvu imeneyo ikukwanira mpaka kutsalako. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi mawu akuti mwezi womwe unowo.

Stage 1 ija, imene ena amati remap kapena tune, palibe chitsulo chimene amasintha. Munthu amangolumikiza laputopu ku kompyuta ya injini, n'kuiuza turbo kuti izikankha mpweya wochuluka, mafuta nawonso azilowa ambiri. Galimoto imadutsa 200 kW tsiku lomwelo, ndipo kukoma kwake sindingakunamize, umaseka wekha ngati wamisala. Koma mphamvu yowonjezerayo ikudutsa m'zitsulo zomwe zayenda kale makilomita 130,000. Komanso kumbukira kuti Johannesburg ali pamwamba, mamita opitirira 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndiye turbo imazungulira kwambiri kuti ifike pomwe ya ku Durban imafika mosavutika. Kutentha kumachuluka. Ukaipanga zimenezi, petulo wa 93 umuiwale, ndi 95 basi, ngakhale kumapeto kwa mwezi thumba litabooka.

Ine zinandigwera, amayi ako akukumbukira bwino chifukwa ndalama ndinakabwereka kwa iwo. Yanga inali ya manual. Ndinapita kukaipanga stage 1 kwa mnyamata wina amene ankagwirira ntchito kuseri kwa nyumba, mtengo wake wotsika, dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto) alibe, anangoti bwana mwatha, pitani. Masabata atatu okha, ndili pa N12 mu giya 4, ndaponda, injini ikulira, muvi ukukwera, galimoto osapita. Clutch yapsa. Ndalama yokonzetsera inaposa ya remap ija kutalitali. Wolakwa ndinali ine ndemwe, ndinathamangira zotchipa.

Yakoyo ndi DSG, ndiye nkhani yake ndi ina. Gearbox imeneyo, ya magiya 6, imafuna kusintha oilo ndi fyuluta makilomita 60,000 aliwonse. Pa 130,000 ndiye kuti anayenera kusintha kawiri. Uwauze ogulitsawo akuonetse buku la service ndi malisiti ake. Akayamba kukanda m'mutu, akuti bukulo linasowa, uchoke, ma GTI ku Gauteng ali mbwee. China, pampu ya madzi ndi nyumba ya thermostat, zimenezo pa injini iyi zimadziwika kuti zimadontha, ndi za pulasitiki. Usuzumire ndi tochi pansi pa intake, polowera mpweya mu injini, ukaona zoumauma zofiirira ngati pinki, dziwa kuti madzi akuthawa. Ufunsenso ngati mwini wake woyamba anaipanga kale tune. Ambiri amabwezeretsa pulogalamu yakale akafuna kugulitsa, n'kumati ankayendetsa ndi agogo popita ku tchalitchi. Tikaiyika pa makina tione.

Aaa, ndisanaiwale, inshulansi. Uyimbe lero lomwe akuuze mtengo usanasaine chilichonse, chifukwa mnyamata wosakwana zaka 25 ali ndi GTI amamuwerengera mowawa, ndipo kawirikawiri amafuna uike tracker. Ukadzapanga remap uwauze. Ukabisa, tsiku la ngozi akadzatulukira akhoza kukana kulipira, iwe n'kutsala ukubweza ngongole ya galimoto yomwe ili pa scrapyard. Ngati dealer akukugulitsa warranty yowonjezera, werenga bwino, nthawi zambiri remap imaipha. Matayala nawo, 225/40 R18, mphamvu yonse imatulukira kutsogolo, ndiye awiri akutsogolowo amatha ngati sopo.

Ndikudziwa chimene chakukopa ndi vrrpha ija, kaphokoso kamene DSG imachita posintha giya. Kameneko kalipo kale, sufunika kulipira. Koma zija za pops and bangs, zophulika ngati mfuti pa robot, usayerekeze. Amachita kuwotchera mafuta mu ekizozi, turbo ndi catalytic converter zimavutika, aneba nawo amakuda. Stage 2, yosintha zitsulo monga downpipe ndi intercooler, tisaikambe n'komwe chaka chino. Ukafuna kuiponda mpaka pansi, ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria amakhala ndi masiku oti anthu wamba alowe ndi magalimoto awo, ndidzakuperekeza ine.

Ndiye maganizo anga ndi awa: ikakhala yoyera, igule, koma ndalama ya stage 1 ija uikemo kaye oilo wa DSG, ma plug, mabuleki, n'kusunga yotsalayo. Uyendetse miyezi isanu ndi umodzi momwe ilili. Ikakhala kuti sikudontha, sikuwonetsa nyali, tidzapita kwa munthu wokhala ndi dyno, apange injini ndi gearbox limodzi. Ndipo usaitsitse pansi ngati December ukufuna kupita nayo kumudzi, msewu wa ku Tete mpaka Zobue ndi Mwanza udzakusiyira bampala m'manja.

Unditumizire zithunzi za buku la service usiku uno. Loweruka m'mawa tipite limodzi, ndipo uwauze asailize tisanafike, ndikufuna ndiimve ikudzuka injini ili yozizira. Basi, abwana akundiyang'ana.